Mfuti za masiye sizigulitsidwa pa siwa

Chuma cha masiye tonse timachidziwa mmene chimavutira, anthu amatha kusiya kulankhulana chaka chathunthu chifukwa cha wailesi ndi mipando basi. Koma pali katundu wina amene akapezeka m'nyumba ya malemu nkhani yake imapitirira pa kugawana, wotsalayo atha kumangidwa naye maliro asanaiwalike n'komwe. Ndikunena mfuti. Ndipo kuno ku Zomba nyumba zokhala ndi mfuti zakalekale zilipo ndithu, musadabwe, paja kuno kunali likulu la dziko mpaka 1975, kuno ndi kwawo kwa asilikali kuyambira nthawi ya KAR, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda lija mumaona chipilala chake mukamalowa mtauni kuchokera ku Blantyre, Cobbe Barracks ili pompano, ma esiteti a fodya a cha ku Thondwe ndi Namadzi anali ndi azungu awo ndi akapitawo awo, nde kunsi uku kuli Chilwa komwe anthu akhala akusaka mbalame kuyambira makolo. Madala ambiri amene ankagwira mfuti nthawi imeneyo akupita tsopano mmodzimmodzi, ndipo otsala nazo ndi amayi okalamba omwe sanaigwirepo n'kamodzi komwe.

Mmodzi wa amayi otere ndi mayi anga aang'ono. Bambo aang'ono anagwira ntchito ya ukapitawo pa esiteti ina zaka zambirimbiri, atapuma anakakhala cha ku msewu wa ku Jali komwe amalima chimanga ndi nandolo, ndipo munthu uja amakonda mfuti ngati ana ake. Amayi ankadziwa ziwiri, chifefe chimene ankaopsezera anyani ndi nguluwe kumunda ndi ina yaying'ono yowombera nkhanga. Titatsegula thiranki yachitsulo yomwe inali pansi pa bedi tinapezamo zina zitatu zokulungidwa m'masaka, pamodzi ndi zipolopolo m'chitini cha bisiketi. Zonse pamodzi zisanu.

Chimene chinandiwawa n'choti nkhani ya mfutizi inayamba tikadali pa siwa. Thupi lisanatuluke n'komwe m'nyumba wina anali atawanong'oneza kale amayi kuti mlamu zitsulo zija musavutike nazo ndidzakusungirani. Titachoka kumanda mwana wa mlongo wawo wa malemu anayamba kunena poyera kuti mfuti ya atsibweni ndi ya iye, ndipo kunena zoona sananame pa mwambo, kwathu kuno ufumu ndi zida za mwamuna zinkatsata kuchikazi, mfuti ya malume inkagwera mwana wa mlongo. Kenako panatulukira bambo wina wovala bwino, palibe amene amamudziwa bwinobwino, akuti anali mnzawo wa malemu kokasaka. Anapereka chipepeso chooneka, mawa lake n'kubweranso ndi ndalama m'envulopu, ati nditenge zonse zisanu mayi mupume, za mapepala ndikaona ndekha. Amayi atazengereza iye n'kuwaponyera mwambi, ati mayi fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu wamkulu kuuza namfedwa zimenezo tsiku lachiwiri.

Amayi anandiitana kuchipinda n'kundifunsa kuti "Mwanawe, ndilandire? Ine zinthu zimenezi zikundiopsa, sindikugona nazo tulo." Ndinawayankha kuti amayi musalandire kanthu ndipo musapatse munthu aliyense, ngakhale ineyo. Sikuti ndinkadziwa mitengo ya mfuti ayi, koma ndinkaona kuti aliyense wozungulira mayiwa akuwathamangitsa, ndipo munthu amene wataya mwamuna wake dzana sangawerengere bwino chilichonse. Ngati mukufuna kuthandiza namfedwa pa nkhani ngati iyi ntchito yanu yoyamba ndi kuimitsa liwiro limenelo, zina zonse zimabwera pambuyo.

Za lamulo ndi izi, ndipo anthu ambiri sazidziwa. Mfuti m'Malawi muno zimayendera Firearms Act, lamulo la 1967, ndipo kaundula wake amasungidwa ndi apolisi, likulu lawo lili ku Area 30 ku Lilongwe. Laisensi imalembedwa m'dzina la munthu mmodzi pa mfuti yakutiyakuti ya nambala yakutiyakuti, ndipo imafunika kumaikonzanso chaka ndi chaka. Mwiniwake akamwalira laisensi ija sisamukira kwa mkazi kapena mwana yokha ayi. Ndiye kuti mayi wamasiye amene akusunga mfuti pansi pa bedi, ngakhale ili ya mwamuna wake wa zaka 40 m'banja, akusunga chida chimene alibe nacho chilolezo. Mfuti si njinga yoti mwini akafa wina angokwerapo n'kumapita. Ndipo akaigulitsa kwa munthu wopanda chilolezo ndiye waonjezera mlandu pa mlandu, nambala ija ikadali m'dzina la malemu, tsiku limene idzagwidwe kwa achifwamba kapena kwa opha nyama apolisi adzafikira pakhomo pa mayi yemweyo. Liwonde National Park sili patali ndi ife, kuyambira 2015 akuyendetsa ndi a bungwe la African Parks ndipo chitetezo anachikhwimitsa, lamulo la nyama zakutchire nalo analisintha mu 2017 moti milandu ikuluikulu munthu atha kukaseweza mpaka zaka 30. Mfuti yaikulu ngati .303 yogulidwa mwakachetechete ndi munthu wosafuna mapepala, inu mukuganiza ikupita kuti?

Nde tinayambira kupolisi. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi, musanyamule mfuti n'kukwera nazo minibasi kapena kabaza ati ndikukapereka, mukakumana ndi rodibuloko mudzafotokoza chiyani? Pitani kaye chimanjamanja, mutenge malaisensi a malemu amene mwawapeza, chiphaso chanu cha unzika ndi umboni wa imfa, mukafotokoze, iwo ndi amene akuuzeni kanyamulidwe kake. Ife anatipatsa wapolisi wodziwa za zida amene tinapita naye kunyumba. Ndipo mpaka pano ndimathokoza kuti sitinazigwiregwire tokha, chifukwa yaying'ono ija ya .22 inali ndi chipolopolo m'kati. Nyumba imene munadzadza ana masiku onse a maliro, adzukulu akulowa n'kutuluka kuchipinda kukatenga mphasa. Mfuti iliyonse imene mwaipeza muziyesa kuti ili ndi chipolopolo, osailozetsa kwa munthu, osakhudza kachitsulo kowombera kaja, mutseke chitseko kiyi akhale ndi munthu mmodzi.

Tisanazipereke tinachita chinthu chimene chinadzatithandiza kwambiri kutsogolo. Tinaziyala pa mkeka panja pa kuwala, wapolisi uja ali pomwepo, n'kujambula iliyonse pa foni mbali zonse, nambala yake, zolembedwa zonse pa chitsulo ngakhale timazizindikiro ting'onoting'ono, ming'alu ya thabwa, dzimbiri, zonse. Tinalemba m'kope, amayi anasaina, nkhoswe ya kuchimuna inasaina, ya kuchikazi inasaina. Kupolisi tinaonetsetsa kuti pa pepala lotilandirira alembepo mfuti iliyonse ndi nambala yake komanso kuchuluka kwa zipolopolo. Pepala limenelo lijambuleni, lichititseni fotokope, lina likhale kwa wachibale wina. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wobwera ndi nkhani ya mfuti amayi amangoti zili kupolisi, ndipo bambo wa envulopu uja sanaonekenso.

Za mwini chuma nazo zinafunika kukhala pansi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, lija amati Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana ngati malemu sanasiye wilo, ndipo kulanda chuma cha masiye analiika kukhala mlandu. Bambo aang'ono wilo sanalembe. Ndiye panafunika kalata yosonyeza amene akuyendetsa chuma cha malemu, zimene zimadzera kwa DC kapena kukhoti kutengera kukula kwa chumacho, popanda imeneyo palibe amene ali ndi mphamvu yosainira kuti mfuti yagulitsidwa. Koma ine sindinafune kuti tipite kwa achibale akuchimuna titanyamula lamulo ngati chibonga. Mnyamata uja anakulira pakhomo pa atsibweni akewo, ndi amene ankawanyamulira thumba popita ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, kukasaka zipweyo, kulira kwake kunali kwenikweni. Tinangomuuza pamaso pa ankhoswe kuti achimwene palibe akukukanizani, koma ngakhale amayi atafuna kukupatsani lero sangathe, pokhapokha mukhale ndi chilolezo chanuchanu. Anakwiya, anachoka osatsanzika, koma patapita nthawi anabweranso.

Tsopano pa mtengo, apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri, ndipo ndi pamene mabanja ambiri amapusitsidwa mbali zonse ziwiri. Ena amagulitsa motaya chifukwa cha mantha, ena amakakamira mtengo wa kumwamba chifukwa mwana wina waona pa intaneti kuti mfuti yofanana nayo inagulidwa mapaundi ambirimbiri ku England. Amene anatithandiza ndi mdala wina wopuma usilikali amene ankagwira ntchito yokonza zida, tinapempha chilolezo n'kupita naye kukaziona komwe zimasungidwa. Chinthu choyamba chimene anachita pa iliyonse sikuyang'ana kukongola kwa thabwa ayi, amatsegula n'kusuzumira mu mpope atalozetsa ku kuwala. Ati mtengo wa mfuti uli m'kati mwa mpope, kunjaku n'kongosangalatsa maso.

Imene banja lonse linkaiyesa chuma chenicheni inali ya mipope iwiri, yokhala ndi maluwamaluwa ozokotedwa pa chitsulo, akuti mzungu wa pa esiteti anawapatsa bambo aang'ono potsanzikana. Aliyense ankati iyi nde ya ku London, iyi yokha imanga nyumba. Mdala uja anachotsa kathabwa kakutsogolo n'kutionetsa pansi pa mipope, pamene pamakhala zidindo za kumene mfuti inayesedwera mphamvu. Panali zilembo zitatu, ELG, m'kati mwa kachizindikiro kozungulira ngati dzira. Chimenecho ndi chidindo cha ku Liège ku Belgium, kumene ankapanga mfuti zambirimbiri zotsika mtengo zogulitsa kunja, zina mpaka kuzilemba mayina omveka ngati achingerezi. Za ku England zimakhala ndi zidindo za ku Birmingham kapena London. Kuonjezera apo mipope yake inali ya chitsulo chopota chija amati Damascus, mumachita kuona mizeremizere yokhotakhota, inapangidwira onga wakuda wakale, ndipo zipolopolo za masiku ano zili ndi mphamvu yoti zitha kuiphulitsa m'manja mwa munthu. Mfuti zakale zambiri za mtundu umenewu malo olowera chipolopolo ndi otalika 65 mm pomwe zipolopolo zofala lero ndi za 70 mm, chimalowa bwinobwino koma powomba mpamene pali ngozi. Mwachidule yokongola kwambiri ija inali yosawombera, ndipo m'Malawi muno munthu wovutikira laisensi chifukwa cha mfuti yongopachika pakhoma ndi wosowa.

Ina ya m'thiranki muja, ya .303, nayo inali ndi nthano yake, akuti inachokera ku nkhondo ya ku Burma ndi agogo ena. N'zoona kuti asilikali a KAR ochokera kuno anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ndipo mfuti yawo inali yomweyi, Lee-Enfield ya zipolopolo 10. Koma msilikali samapita nayo kwawo mfuti ya boma akamaliza ntchito, zambiri zimene zili m'manja mwa anthu zinagulitsidwa nkhondo itatha ngati katundu wotsala, ndipo zinapangidwa mamiliyoni ku England, ku Canada, ku America, ndiye si chinthu chosowa. Yathuyi inali No. 4, wina anaidula thabwa lakutsogolo kuti ipepuke posaka, zimene kwa osonkhanitsa mfuti zakale zimagwetsa mtengo, ndipo nambala ya pa bolt, kachitsulo kokankhira chipolopolo mu mpope, sinkafanana ndi ya pa thupi lake kusonyeza kuti inasinthidwapo. Mu mpope munali mwakuda, modyekadyeka. Mdala uja anatifotokozera kuti zipolopolo zakale za asilikali zinkasiya mchere mu mpope ukawomba, ukapanda kutsuka ndi madzi otentha tsiku lomwelo dzimbiri limayamba, nde muganize chinyontho cha kuno kunsi kwa phiri, thiranki ili pa simenti dzinja ndi dzinja.

Zimene zinali ndi mtengo weniweni ndi ziwiri zonyozeka zija amayi ankazidziwa. Chifefe chinali Greener GP ya 12 bore, ndiko kukula kwa mpope wake, ya mpope umodzi, yopangidwa ku Birmingham, yotsegula ndi kachitsulo kapansi kaja, mfuti yosalira zambiri, yovuta kuonongeka, ndipo alimi amaidziwa ndi kuifuna. Yaying'ono ija inali Brno .22 ya ku Czechoslovakia, dziko limene linagawikana mu 1993, ndipo pambali pa chitsulo pali manambala awiri osonyeza chaka chimene inayesedwa kufakitale. Izi bambo aang'ono ankazipaka oyilo pafupipafupi chifukwa ndi zimene ankagwiritsa ntchito, mipope yake inali yowala ngati yatsopano, malaisensi ake anali olipiridwa mpaka chaka chimene anamwalira. Yachisanu inali ya gogodela, yothira onga kukamwa, ya agogo awo, yopanda pepala lililonse. Imeneyo panalibe zokambirana, inatsala m'manja mwa boma pamodzi ndi zipolopolo zakale zomwe zina zinali zitachita kale zobiriwira. Amayi anangopempha kuti chithunzi chake tichitsukitse chikhale m'nyumba.

Pali kulakwitsa kumodzi kumene ndikufuna ndikuchenjezeni chifukwa kumachitika ndi mtima wabwino. Mwana wina wa m'nyumbamo ankafuna atenge sandipepa ndi waya wotsukira mapoto kuti azikwecha ziwale, thabwa alipake vanishi, ati zigulike bwino. Ayi ndithu. Mukakwecha mumachotsa utoto wakuda wa kufakitale umene umateteza chitsulo, mumafufuta zidindo zimene wodziwa amawerengapo mbiri ya mfutiyo, ndipo mukakhudza nambala ndiye mwadziitanira mlandu wina. Kansalu ndi oyilo pang'ono basi, zinazo asiyireni odziwa.

Mitengo ya pa intaneti tinaiyang'ana ndithu, makamaka ya kumene mfuti zinagulidwadi pa okushoni osati imene ogulitsa amangotchula, koma inangotithandiza kudziwa kuti iti ikuposa inzake. Msika wa kunja si wathu, kutumiza mfuti kunja kumafuna zilolezo za mayiko awiri ndipo ndalama zake zingapose mfutiyo. Mtengo weniweni ndi umene munthu wa konkuno, woti apolisi amuvomereza, angathe kulipira. Komanso kwacha yathuyi, inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye mtengo umene malemu ankatchula pocheza zaka zapitazo kuti iyi ndinagula mwakuti ulibenso tanthauzo. Ife tinafunsa anthu atatu osadziwana, mdala uja, wogulitsa zida wovomerezeka wina ku Blantyre amene tinamutumizira zithunzi, ndi mlimi wina wa esiteti amene ali ndi mfuti zake, aliyense payekha osamuuza zimene mnzake wanena. Pa Greener ndi Brno mitengo yawo inayandikana, ndipo ziwiri zokhazo zinaposa ndalama imene bambo wa envulopu ankafuna kupereka pa zonse zisanu.

Sitinalengeze pa Facebook kapena m'magulupu a WhatsApp, ndipo inunso musatero chonde. Kulemba kuti mayi wamasiye wakuti ali ndi mfuti zogulitsa ndi kuitana akuba pakhomo, iwo sadziwa kuti zili kupolisi, ndiponso madobadoba amadzadza foni usiku ndi usana. Tinadzera mwa anthu omwe ali kale ndi malaisensi, iwo amadziwana. Wogula aliyense timamuuza zomwezomwezo, kaoneni mfuti kupolisi tili limodzi, mukaikonda tigwirizane mtengo polemba, mukayambe nokha kupempha chilolezo, chikatuluka ndalama ilowe ku akaunti ya amayi kubanki, mfuti muilandirire kupolisi komweko dzina litasinthidwa. Wina anati zimenezo n'zochedwa ndipatseni kaye ndizikaigwiritsa ntchito mapepala akuyenda, tinamukanira. Zimachedwadi, miyezi imapita, ndipo panali nthawi imene amayi anatopa n'kunena kuti bola ndikanangolandira zija. Ndinawamvetsa, fizi ya mdzukulu inali itakwana, denga likudontha. Tinasonkherana apachibale kuti adutse nyengo imeneyo, chifukwa kuuza munthu kuti dikirani uku alibe cha m'poto n'kumunamiza.

Kwa inu amene mwapezeka mukuthandiza, pali zinthu ziwiri zimene ndimaziona kuti n'zofunika kuposa kudziwa mitundu ya mfuti. Musakhale wogula inuyo, ngakhale mtengo wanu utakhala wabwino bwanji, chifukwa tsiku lina wina adzati munawadyera masuku pamutu amayi ndipo simudzatha kudziyeretsa. Ndipo musawalankhulire ngati iwo palibe. Ndinkaona anthu akubwera n'kumayang'ana ine pokamba za mtengo, amayi ali pomwepo pa mkeka, ndimachita kuwabweza kuti eni ake ndi awa, funsani iwowa. Pena amayi amafuna kungokamba za mmene bambo ankabwerera ku Chilwa mbandakucha matope mpaka m'mawondo, za chaka cha 1995 nyanja itauma mpaka anthu kumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, osati za ndalama ayi, ndiye umangokhala pansi n'kumvetsera, za mtengo mudzakamba mawa.

Brno inagulidwa ndi mlimi wina wa cha ku Namadzi, mapepala ake anatuluka bwinobwino, ndalama yake amayi anakonzetsera denga n'kusungako ina ya chiliza. Ya .303 ndi ya mipope iwiri ija amayi anasankha okha kuzisiya m'manja mwa boma, ati sindikufuna kudzamva kuti yaphulikira mwana wa munthu kapena yapezeka kutchire. Greener anakana kuigulitsa kwa mlendo ngakhale panali woifuna ndi ndalama yabwino. Anaitana mwana wa mlongo wa malemu uja pamaso pa ankhoswe n'kumuuza kuti "Iwe ndi amene unkayenda nawo atsibweni ako, katenge chilolezo chako, ukabwera nacho udzandipatse theka la mtengo umene anthu aja anatchula." Ana awo anavomera, tinalemba m'kope lomwe lija onse n'kusaina. Mnyamatayo anakatenga mafomu, anajambulitsa zala, pano akudikira yankho, ndipo chifefecho chikadali kupolisi mpaka tsiku limene pepala lidzatuluke m'dzina lake.